Ngozi zoopsa pa masewera a ski: mafunso ndi mayankho

Kutsetsereka pa chipale chofewa mutamanga ma ski (timatabwa tiwiri tatitali) kumapazi ndi masewera okoma, ndipo anthu mamiliyoni amapita kumapiri chaka ndi chaka n'kubwerako ali bwinobwino. Komabe nyengo yozizira iliyonse pamakhala mabanja amene amalandira uthenga wa maliro, ndi ena amene m'bale wawo amabwerako osathanso kuyenda. Mafunso ali m'munsiwa ndi a onse, oyamba kumene ndi ozolowera omwe.

Kodi masewerawa ndi oopsa motani kwenikweni?

Mwa anthu 1,000 amene atsetsereka tsiku limodzi, awiri kapena atatu ndi amene amavulala mpaka kufuna chithandizo. Imfa ndi zosowa kwambiri. Ku United States anthu pafupifupi 40 amafera m'malo a masewerawa pa chaka, pomwe maulendo a otsetsereka amaposa 50 miliyoni.

Chimene chiyenera kukudzidzimutsani ndi mtundu wa anthu amene amafawo. Ambiri si ophunzira amene miyendo ikunjenjemera. Ndi amuna odziwa ndithu kutsetsereka, ndipo ambiri amafera pa njira za pakatikati, zotakasuka, zosalazidwa bwino ndi makina. Njira zoterezi ndi zimene zimakopa munthu kuti athamange. Wophunzira amagwa kambirimbiri koma amagwa pang'onopang'ono. Wodziwa amagwa mwa apo ndi apo, koma akagwa amakhala ali pa liwiro loti thupi silingapirire.

Ndi ngozi zanji zimene zimapha kapena kulumaza?

Pa njira zokonzedwa, vuto lalikulu ndi kuwomba chinthu cholimba: mtengo, mwala, nsanamira ya lifiti (makina okweza anthu pamwamba pa phiri), makina opangira chipale, kapena munthu mnzako. Sonny Bono, woimba amene pa nthawiyo anali phungu wa nyumba ya malamulo ya ku America, anawomba mtengo ku Heavenly pafupi ndi nyanja ya Tahoe pa 5 January 1998. Apa n'kuti pasanathe sabata kuchokera pamene Michael Kennedy, wa banja lotchuka pa ndale ku America, anafa chimodzimodzi ku Aspen pa 31 December 1997. Gaspard Ulliel, katswiri wa mafilimu wa ku France, anagundana ndi wotsetsereka wina ku La Rosière mu January 2022 ndipo anamwalira mawa lake m'chipatala ku Grenoble.

Zonsezi gwero lake ndi liwiro. Kuwomba chinthu choima muli pa liwiro la makilomita 50 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pa msinkhu wa mamita pafupifupi 10. Ndipo liwiro mukaliwirikiza kawiri, mphamvu ya kugundako imawirikiza kanayi, osati kawiri ayi. Munthu wodziwa pang'ono amafika makilomita 50 pa ola osazindikira n'komwe, makamaka m'mawa chipale chikadali cholimba.

Kunja kwa njira zokonzedwa, chimene chimapha kwambiri ndi chigumukire cha chipale. Za icho tikamba motalikirapo m'munsimu.

Chipewa choteteza mutu chimathandizadi? Nanga bwanji Michael Schumacher anavulala choncho ali nacho?

Chimathandiza, ndipo valani. Pa 29 December 2013, Schumacher, amene anapambana kasanu ndi kawiri mpikisano wa dziko lonse wa magalimoto othamanga wa Formula One, ankatsetsereka ku Méribel m'dziko la France. Anadutsa kachigawo kosakonzedwa pakati pa njira ziwiri, n'kugwa ndi kumenyetsa mutu pamwala. Chipewa chake chinasweka. Madokotala a ku Grenoble ananena kuti akanakhala wopanda chipewacho sakanafika kuchipatala wamoyo. Anakhala chikomokere kwa miyezi ingapo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo sanaonekenso pagulu.

Nkhani yake ikuonetsa mbali zonse ziwiri. Chipewa chimateteza chigaza kuti chisasweke ndipo chimachepetsa kuvulala kwa m'mutu kochuluka. Koma poyesa zipewazi, monga pa muyezo wa ku Ulaya wa EN 1077 kapena wa ku America wa ASTM F2040, amazimenyetsa pa liwiro la makilomita pafupifupi 20 pa ola basi. Kupitirira apo chitetezo chimanka chichepa. Chipewa sichitetezanso khosi, chifuwa kapena msana. Amene wavala chipewa n'kumaona ngati wapatsidwa chilolezo chothamanga wadzinamiza.

Chipewa chikwane bwino m'mutu, chisagwedere, lamba wake amangidwe. Chikamenyedwa mwamphamvu kamodzi, chisiyeni ngakhale kunja chikuoneka chabwino, poti zam'kati zimene zimayamwa mphamvu ya kugunda zimaphwanyika kamodzi kokha.

Mnzanga wagwa n'kumenyetsa mutu, koma wadzuka, akulankhula ndi kuseka. Tipitirize?

Ayi. Pa mafunso onse ali pano, ili ndi limene ndikufunitsitsa kuti mulisunge.

Pa 16 March 2009, Natasha Richardson, wochita masewero wa ku Britain, ankaphunzira kutsetsereka pa njira ya oyamba kumene ku Mont Tremblant m'chigawo cha Quebec ku Canada. Anagwa, analibe chipewa. Anadzuka akuoneka kuti ali bwino ndipo poyamba anakana chithandizo. Patapita kanthawi mutu unayamba kumupweteka, matenda anakula mofulumira, ndipo anamwalira pa 18 March ali ndi zaka 45.

Chimene chinachitika madokotala amachitcha epidural hematoma. Mtsempha wa magazi umaduka pakati pa chigaza ndi chikopa chokuta ubongo. Magazi amadzadza pang'onopang'ono, ndipo poyamba munthu amayenda, amalankhula, amakana zopita kuchipatala. Koma chigaza sichifutukuka. Magaziwo akachuluka amapanikiza ubongo, ndipo munthu amene amacheza nanu ola lapitalo amakomoka. Akafika msanga kwa dokotala wa opaleshoni, vutoli limachizika. Akachedwa, limapha.

Choncho aliyense amene wamenyetsa mutu mwamphamvu asiye kutsetsereka tsiku limenelo, aonedwe ndi achipatala, ndipo asakhale yekha kwa maola 24 otsatira. Mukaona chimodzi mwa izi, itanani thandizo nthawi yomweyo: kukomoka ngakhale kwa kamphindi, mutu wonka nuwawirawira, kusanza, kuwodzera kosadziwika bwino, kubwereza funso lomwelomwelo, kuiwala zimene zachitika, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kukula kosiyana kwa timwana ta m'maso, kugwa khunyu, kapena madzi oyera otuluka m'mphuno kapena m'khutu. Kwa okalamba ndi amene amamwa mankhwala osungunula magazi, ngakhale kugunda kochepa n'kokwanira kupita kuchipatala.

Wovulalayo adzakuuzani kuti ali bwino. Musamutsatire. Chiwalo chimene akuganizira nacho n'chomwecho chavulala, ndiye chigamulo chikhale cha inu amene muli naye.

Anthu awiri akagundana, wolakwa ndani?

Bungwe la FIS, loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, lili ndi malamulo khumi a khalidwe pa njira zotsetserekamo, amene anakhazikitsidwa koyamba mu 1967. Makhoti ambiri a m'mayiko a mapiri a Alps ku Ulaya amawagwiritsa ntchito poweruza milandu. Phata lake n'lakuti amene ali kutsogolo, kumunsi kwa inu, ndiye mwini njira. Alibe maso kumbuyo. Inu wochokera kumtunda ndi amene muyenera kusankha podutsa, kumusiyira malo okwanira ngakhale atakhota mwadzidzidzi, ndi kuyenda pa liwiro loti mutha kuima.

Malamulo enawo ndi omveka. Yang'anani kumtunda ndi kumunsi musanalowe m'njira kapena musanayambenso mutaima. Musaime pamalo opanikizika kapena kuseri kwa chitunda kumene wobwera sangakuoneni, ndipo mukagwera pamalo otero chokanipo msanga. Woyenda pansi adutse m'mphepete. Mverani zikwangwani. Pakachitika ngozi thandizani, ndipo perekani dzina lanu, kaya ndinu wokhudzidwa kapena mboni chabe.

Izi si nkhambakamwa. Pa 1 January 2009, Dieter Althaus, amene anali mtsogoleri wa chigawo cha Thuringia ku Germany, anagundana ndi mayi wina pamphambano ya njira ziwiri ku Austria. Mayiyo anamwalira. Althaus, amene anavala chipewa, anavulala kwambiri koma anapulumuka, ndipo khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha munthu mosasamala. Mu 2023 khoti la ku Utah linamva mlandu wa Gwyneth Paltrow, katswiri wa mafilimu wa ku America, wokhudza kugundana kumene kunachitika ku Deer Valley mu 2016, ndipo mkangano wonse unagona pa funso limodzi: ndani anali kumtunda? Khoti linapeza kuti Paltrow sanalakwe.

Mitundu ya pa zikwangwani imatanthauza chiyani?

Ku Ulaya njira yabuluu ndi yosavuta, yofiira ndi yapakatikati, yakuda ndi yovuta, ndipo mayiko ena monga France alinso ndi yobiriwira ya oyamba kumene. Ku North America amagwiritsa ntchito kabwalo kobiriwira, kabokosi kabuluu, ndi dayamondi wakuda mmodzi kapena awiri. Phiri lililonse limadziikira lokha mitunduyi, kotero yofiira ya kuno itha kukhala yakuda kwina. Nyengonso imasintha zinthu: njira yabuluu itaundana madzulo imavuta kuposa yofiira ya chipale chatsopano. Mukafika pa phiri lachilendo yambirani pansi.

N'chifukwa chiyani otsetsereka ambiri amavulala bondo?

Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuvulala konse kwa pa ski ndi kwa bondo. Nsapato yake ndi yolimba, imagwira phazi ndi akakolo, ndipo ski ndi yaitali. Ski ikapotoka, mphamvu yonse imathamangira pa bondo, n'kudula mtsempha wolumikiza mafupa wotchedwa ACL kapena wa m'mbali wotchedwa MCL. ACL imaduka kawirikawiri munthu akagwa chagada, matako ali pansi kuposa maondo, n'kumayesa kudzuka akadali kutsetsereka. Mukagwa, gwani ndithu. Manja akhale kutsogolo, maondo opindika pang'ono, ndipo dikirani muime kaye musanadzuke.

Chitsulo chogwira nsapato pa ski, chotchedwa binding, anachipanga kuti chimasuke mukagwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 zitsulozi zachepetsa kwambiri kuthyoka kwa fupa la m'munsi mwa bondo. Koma zimagwira ntchito pokhapokha zitachunidwa molingana ndi kulemera kwanu, kutalika, zaka, kukula kwa nsapato ndi luso lanu. Nenani zoona kwa amene akukuchunirani. Mukadzikweza luso adzamangitsa, ndipo tsiku limene mudzagwe ski sidzamasuka. Musabwereke ma ski a mnzanu osachunitsanso.

A snowboard, otsetsereka pa thabwa limodzi lotakata, amathyoka kwambiri mkono pafupi ndi chikhatho chifukwa chogwera manja, ndipo zotetezera pamenepo zilipo. Ndodo imene wa ski amagwira m'manja nayo imavulaza chala chachikulu cha kudzanja munthu akagwa ataigwiritsa. Itayeni pogwa.

Ndikufuna kutuluka m'njira zokonzedwa kukatsetsereka pa chipale chosapondedwa. Choopsa n'chiyani?

Mukangodutsa timitengo ta m'malire a njira ku Alps, mwalowa m'dera limene palibe amene wakuchotserani miyala, maphompho kapena chipale chofuna kugumuka, ngakhale lifiti ikuoneka chapafupi. M'mapiri a Alps chigumukire chimapha anthu pafupifupi 100 pa chaka. Ndipo pa ngozi zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse, amene wayambitsa chigumukirecho ndi wokwiriridwayo kapena wina wa m'gulu lake.

Chipale chimagwa m'magawo osanjikizana. Gawo lina la pansi likakhala lofooka ndipo pamwamba pake pagona gawo logwirana, kulemera kwa munthu mmodzi kumakwanira kuthyola la pansilo. Mng'alu umathamanga m'mbali, ndipo chigawo chonse cha phiri chimatsika nthawi imodzi. Izi zimachitika kwambiri pamalo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, amenenso ndi malo okoma kutsetserekapo. Zizindikiro zake zimaoneka kwa woyang'ana: zigumukire zatsopano pa mapiri oyandikana, ming'alu yotuluka pansi pa ma ski anu, kumveka kwa chipale chikutitimira pansi, chipale chambiri chatsopano chimene mphepo yaunjika mbali imodzi, kapena kutentha kobwera mwadzidzidzi.

Kuyambira 1993 mayiko a ku Ulaya ali ndi muyezo umodzi wa chenjezo, kuyambira 1 mpaka 5, ndipo amalengeza tsiku ndi tsiku. Ku Switzerland ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la SLF la ku Davos. Anthu ambiri amaona 3 n'kuganiza kuti ndi pakatikati, palibe choopsa kwenikweni. Komatu pafupifupi theka la imfa zonse zimachitika pa 3. Pa 4 ndi 5 ambiri amachita mantha n'kukhala pansi. Pa 3 kunja kumawala, chipale n'chatsopano, ndipo anthu amapita.

Wokwiriridwa nthawi yake ndi yochepa zedi. Chipale chikaima chimalimba ngati simenti, moti munthu satha kusuntha ngakhale chala, ndipo mpweya umatha. Mwa amene afukulidwa mkati mwa mphindi 15, oposa 90 pa 100 aliwonse amapezeka amoyo. Zikakwana mphindi 35, amoyo amatsala pafupifupi 30 okha. Kalonga Friso wa ku Netherlands anakwiriridwa ku Lech m'dziko la Austria pa 17 February 2012, kunja kwa njira, chenjezo lili pa 4. Anakhala pansi pa chipale mphindi zoposa 20. Anamufukula, koma ubongo unali utawonongeka chifukwa chosowa mpweya, ndipo anamwalira mu August 2013 asanachire.

Apa mfundo ndi yowawa koma yoona: helikopita kawirikawiri imafika mphindi zofunikazo zitatha. Okupulumutsani ndi anzanu amene muli nawo pamalopo.

Ndiye ndinyamule chiyani?

Zinthu zitatu, aliyense m'gulu akhale ndi zake. Kachipangizo kovala pathupi kotumiza ndi kulandira chizindikiro pa 457 kHz, kotchedwa transceiver. Ndodo yaitali yopindika yobayira m'chipale kuti mudziwe pamene munthu wagona. Ndi fosholo yachitsulo. Chikasowa chimodzi zinazo zimachepa ntchito, chifukwa kupeza malo n'kosathandiza ngati mukufukula ndi manja. Foni ikhale patali ndi transceiver poti imasokoneza chizindikiro. Chikwama chokhala ndi thumba lodzadza mpweya chimathandiza kuti munthu asamire kwambiri, koma sichimuteteza ku miyala ndi mitengo. Tizitsulo ta RECCO tosokerera m'zovala timathandiza opulumutsa okhala ndi makina ake, osati anzanu.

Zida popanda kuphunzira ndi katundu chabe. Chitani maphunziro a za chigumukire, yesererani kufufuza mpaka manja azolowere, kapena pitani ndi wotsogolera wa m'mapiri wovomerezeka. Pamalo okayikitsa dutsani mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali pabwino. Ndipo njira ikatsekedwa, yatsekedwa. Amene walowamo amaika pangozi ngakhale anthu amene ali kumunsi osadziwa kanthu.

Ndamva kuti munthu atha kufera patsinde pa mtengo osauwomba n'komwe. N'zoona?

N'zoona, makamaka kumadzulo kwa United States ndi Canada kumene chipale chimagwa chakuya. Nthambi za m'munsi za mitengo ya paini ndi ina yofanana nayo zimatchinga chipale, ndiye kuzungulira tsinde pamatsala dzenje lobisika la chipale chosagwirana. Wogweramo nthawi zambiri amalowa chamutu, ndipo akamaphiriphitha chipale chimamugwera n'kumutsekera mpweya. Ndi ochepa amene amatha kudzitulutsa okha. M'nkhalango tsetserekani awiriawiri mukuonana ndi maso. Kudikirana kumunsi pa lifiti sikuthandiza. Wezulo pa zipi ya jekete ndi yothandiza.

Ndafika pamalo a ngozi. Nditani?

Choyamba tetezani malowo kuti pasachitike ngozi yachiwiri. Zikani ma ski awiri mopingasa, ngati chilembo X, chakumtunda kwa wovulalayo pamene obwera angawaone patali. Kenako itanani opulumutsa. Nambala yawo imakhala pa mapu a phirilo, ndipo ndi bwino kuisunga mu foni m'mawa musanakwere. Ku Ulaya 112 imagwira paliponse, ku Austria opulumutsa a m'mapiri ndi 140, ku Switzerland helikopita za Rega ndi 1414, ku United States ndi Canada ndi 911. Auzeni dzina la njira, nambala ya chikwangwani chapafupi, ovulala angati, ndi mmene alili.

Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo yachita dzanzi, musamusunthe. Musamuvule chipewa pokhapokha chikulepheretsa kupuma. Mufunditseni, ndipo ngati n'kotheka popanda kumugwedeza, ikani chovala pakati pa iye ndi chipale, poti wogona pansi amazizidwa msanga. Musamupatse chakudya kapena chakumwa. Ngati sakupuma, yambani kupsinja pachifuwa mwamphamvu ndi mofulumira mpaka thandizo lifike. Kuchoka pamalo a ngozi imene mwakhudzidwa nayo ndi mlandu m'mayiko ambiri.

Mowa pang'ono pa nkhomaliro ungavute?

Umachedwetsa maganizo, umawonjezera kudzidalira, ndipo umachititsa thupi kutaya kutentha ngakhale mukumva ngati mwafundidwa. Ku Italy kuyambira 2022 kutsetsereka utaledzera kuli ndi chindapusa. Kutopa kumachita zofanana. Masana akapendeka ntchafu zimakhala zalema, kuwala kwachepa, chipale chakumbika. Ulendo umene mukudziuza kuti ndi womaliza, ngati miyendo ikukana, ulekeni mutsike pa lifiti.

Nanga ana?

Aphunzitsidwe ndi mphunzitsi weniweni, avale chipewa chowakwana lero osati chodzakuliramo, ndipo musawatengere pa njira yoposa luso lawo pofuna kuti banja lonse likhale limodzi. Italy inalamula zipewa kwa ana osakwana zaka 14 mu 2005, n'kukweza malirewo kufika zaka 18 mu 2022, ndipo zigawo zambiri za Austria zili ndi lamulo la ana. Malamulowa amasinthasintha, choncho funsani za chaka chimene mukupita. Pa lifiti ya mipando mwana akhale chakumbuyo kwenikweni, chotchingira chitsitsidwe. Akuluakulu kumbukirani kuti mwana ndi wamfupi, saoneka kuseri kwa chitunda, ndipo amakhota mosayembekezeka.

Kuzizira, dzuwa ndi kutalika kwa phiri?

Valani zovala zosanjikiza, zam'kati zisakhale za thonje chifukwa zikanyowa ndi thukuta zimaziziritsa. Khungu la zala, mphuno kapena makutu likayera n'kuchita dzanzi, lowani m'nyumba mulifunditse, osalitikita. Chipale chatsopano chimabweza mpaka 80 pa 100 ya cheza cha dzuwa chowotcha khungu, ndipo chimapsereza maso ngakhale kuli mitambo, choncho magalasi ndi mafuta oteteza khungu n'zofunika. Kupitirira mamita 2,500 ena amamva mutu, nseru ndi kusowa tulo. Tsiku loyamba chitani pang'ono, ndipo zikakula tsikani.

Inshuwalansi ya ulendo wamba ikwanira?

Nthawi zambiri ayi. Zambiri sizilipira ngozi za masewera a pa chipale pokhapokha mutawonjezera gawo limenelo, ndipo zina zimakana ngati munali kunja kwa njira popanda wotsogolera kapena ngati munamwa mowa. Ku France kunyamulidwa ndi opulumutsa pa njira kumalipiritsidwa, ndipo helikopita ikabwera ngongole imakula kwambiri. Onetsetsani kuti yanu ikulipira kupulumutsidwa m'phiri, chipatala, ulendo wobwerera kwanu muli wodwala, ndi chipukuta misozi ngati mwavulaza munthu wina. Gawo lomalizali ku Italy ndi lamulo kuyambira pa 1 January 2022, ndipo mutha kuligula pamodzi ndi tikiti ya lifiti.